Ngalande ya Manchester sinakumbidwe ndi akapolo

Sabata yathayi pa gulu lathu la WhatsApp la Amalawi a kuno ku Manchester panagwa uthenga wamawu wa mphindi 7. Achimwene ena, amene ndimawalemekeza ndipo tinadyera limodzi nsima pa 6 July, amachenjeza makolo kuti asamagulire ana majezi a City kapena United, ati chifukwa sitima ili pabajipo ndi ya akapolo. Mpaka pamenepo ndinangomvetsera, poti za bajiyo ngakhale azungu eni ake anakanganapo m'manyuzipepala mu 2023. Koma anapitiriza kunena kuti madzi aja timawaona pa Salford Quays ndi ngalande imene anakumba akapolo ochokera ku Africa, ndipo sitima zodzaza makolo athu zinkadutsa momwemo kudzakocheza pafupi ndi Old Trafford. Pofika madzulo uthengawo unali utalumphira m'magulu ena, ndipo mayi wina analemba kuti sadzapitanso ndi ana ake ku The Lowry, pa Salford Quays pomwepo.

Achimwene, pepani, apa mwaphonya. Ndikukuyankhani pagulu chifukwa uthenga wanu unayenda pagulu.

Tiyambe ndi zaka. Britain inaletsa malonda a akapolo mu 1807. Lamulo lothetsa ukapolo m'madera ambiri amene inkalamulira linadutsa mu 1833. Ku America ukapolo unatha mu 1865. Dothi loyamba la Manchester Ship Canal linakumbidwa pa 11 November 1887 ku Eastham, sitima zinayamba kuyendamo pa 1 January 1894, ndipo Mfumukazi Victoria anadzaitsegulira pa 21 May chaka chomwecho. Kuchokera 1807 kufika 1887 ndi zaka 80. Kuti muone bwino nthawi yake, tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinkamangidwa zaka zomwezo, 1888 mpaka 1891. Kwathu malonda a akapolo anali akadalipo ndithu, Mlozi, wogulitsa akapolo, anali akuvutitsabe ku Karonga mpaka 1895, koma anthu ogwidwa kwathu ankalowera kum'mawa, ku Kilwa ndi ku Zanzibar. Palibe sitima ya akapolo imene inadutsa m'ngalande iyi, chifukwa nthawi ya sitima zoterozo ngalandeyo kunalibe. Kunali mitsinje iwiri yokhotakhota, Irwell ndi Mersey, ndi minda.

Ine ngalandeyi ndinaiyenda yonse, makilomita 58, zaka zingapo zapitazo pa tsiku langa lopuma. Tinakwera imodzi mwa sitima zija zimawolotsa anthu pa Mersey, kunyamuka pa Salford Quays m'mawa, kukafika ku Liverpool patatha maola ngati 6, pobwerera pa basi. Okwera ambiri anali agogo achizungu opuma pantchito, aliyense ndi fulasiki yake ya tiyi. Anthu akuda tinalimo owerengeka kwambiri, ndipo izi zinandikhudza. Ambiri a ife takhala mumzinda uno zaka 10, 15, koma njira imene timaidziwa ndi yochoka kunyumba kupita ku shifiti, ku Aldi ndi kutchalitchi. Ndiye wina akabwera ndi nkhani yokhudza mtima yonena za malo amene sitinawaonepo bwino, timangoimeza.

Chimene munthu sangachizindikire ataima pa Quays n'chakuti madzi amenewo ali pamwamba. Ali mamita pafupifupi 18 kuposa kumene ngalande imakumana ndi Mersey ku Eastham. Sitima sikwera chitunda, choncho anamanga ma lock pamalo asanu: Mode Wheel, Barton, Irlam, Latchford ndi Eastham. Lock ndi chipinda chachitali chamadzi, makoma amiyala uku ndi uku, zitseko zikuluzikulu kutsogolo ndi kumbuyo. Aakulu ake ndi otalika mamita 183, kutsala pang'ono kukwana mabwalo awiri a mpira.

Tinalowa mu Mode Wheel pang'onopang'ono ngati ng'ombe yolowa m'dibi. Amuna a m'mbali analandira zingwe n'kumangirira, zitseko zakumbuyo zinatsekeka, ndiye kwa kanthawi kunangoti zii. Kenako ndinaona kuti khoma limene linali m'chiuno mwanga lafika m'mapewa, posakhalitsa lapitirira mutu, lakuda bii, lonyowa, ndere zikudontha madzi. Sitima sinagwedezeke n'komwe. Madzi ankatulukira pansi kudzera m'mipata imene anatsegula, kupita kumunsi, ife n'kumatsika nawo. Palibe chimene chinkatinyamula koma madzi okhawo. Aliyense amene anaonapo mlimi wa mpunga ku Domasi kapena ku Limphasa akutsegula kampata kuti madzi achoke m'munda wakumtunda kulowa wakumunsi waidziwa kale nzeru yake. Zitseko zimakumana ngati nsonga ya muvi, kuloza kumene madzi ali ambiri, kotero kulemera kwa madziwo n'kumene kumazikanikiza kuti zitsekeke. Simungazitsegule mpaka madzi a mkati atalingana ndi akunja. Atalingana, zinatseguka mosavuta, ife tili mamita anayi pansi pa pamene tinalowera. Pa Barton ndi pa Irlam zinali chimodzimodzi, ndipo pofika pa Latchford agogo aja anali atasiya kujambula, koma ine ndinkapitabe m'mbali kukaona khoma likukula.

Tisanafike pa lock ya Barton pali chinthu chimene ndikanakonda mwana aliyense wa kwathu wofuna uinjiniya atachiona. Ngalande yakale ya Bridgewater, ya mu 1761, imene inkabweretsa malasha kuchokera ku Worsley, imadutsa pamwamba pa ngalande yaikuluyi. Kuti sitima zazitali zidutse, anamanga mlatho wachitsulo wonyamula madzi, umene umatsekedwa mbali zonse ziwiri n'kuzungulira pambali uli ndi madzi ake matani 800 mkati. Unayamba kugwira ntchito mu 1894 ndipo ukuzungulirabe.

Ndiye anakumba ndani? Anakumba amphawi a konkuno. Azungu amawatcha ma navvy: amuna a ganyu ochokera m'midzi ya England, Ireland, Scotland ndi Wales, oyenda kutsatira kumene kwagwa kontilakiti ya njanji kapena ya doko, ogona m'zisakasa m'mbali mwa ntchito. Pachimake analipo oposa 16,000, pamodzi ndi anyamata achichepere. Malipiro anali makobiri anayi ndi theka pa ola, maola 10 pa tsiku. Panali makina okumbira oyendera nthunzi pafupifupi 100 ndi njanji zongoyembekezera zotalika mamailosi oposa 200, komabe gawo lalikulu linali la piki, fosholo ndi wilibala, m'matope ndi m'chisanu cha kuno chimene inu ndi ine timachidziwa. Chiwerengero cha omwalira chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi 130. Othyoka ndi oduka ziwalo anali ochuluka mpaka panamangidwa zipatala zitatu m'mbali mwa ngalande, ndipo dokotala woziyang'anira, Robert Jones, anadzatchuka pambuyo pake pa chithandizo cha mafupa. Inu amene mumagwira ntchito m'mawodi a othyoka mafupa, mbiri ya ntchito yanu inadutsa m'matope amenewa. Pafupi ndi Ellesmere Port pali chiphiri chotchedwa Mount Manisty, chimene ndi dothi lokhalokha lochokera m'ngalande.

Apa ndili ndi mangawa ndi azungu a kuno. Amakonda kwambiri mayina a akuluakulu. Edward Leader Williams, injiniya wamkulu, mudzamumva. Thomas Walker, kontilakitala amene anamwalira mu 1889 ntchito ili pakati, mudzamumva. Koma amuna amene anasiya miyendo ndi miyoyo m'dothimo amangowatchula ngati gulu, mpweya umodzi, nkhani n'kupitirira. N'chifukwa chake uthenga wanu unandipweteka kawiri, achimwene. Anthu amenewa eni dziko anawaiwala kale, ndiye ifenso tikuwalanda ntchito yawo n'kuipereka kwa ena.

Funso limene liyenera kutigwira mtima ife Amalawi ndi lakuti anakumbiranji. Manchester ndi mzinda wa kumtunda, wopanda nyanja. Thonje lambiri la m'mafakitale ake linkatsikira ku Liverpool, nsalu zambiri zinkatulukiranso komweko. Oyang'anira doko la Liverpool ankadula msonkho wawo, makampani a njanji n'kudulanso wawo, ndipo malonda atavuta m'zaka za m'ma 1870 amalonda a ku Manchester ankadandaula kuti nthawi zina kunali kotchipa kuitanitsa katundu kudzera ku Hull, tsidya lina la dziko, kusiyana ndi doko la pakhomo. Ndani mwa ife sakuidziwa nyimbo imeneyi? Thumba la feteleza likamafika ku Mchinji kapena ku Chitipa, gawo lalikulu la mtengo wake ndi ulendo wochokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Kukakhala chisokonezo kudoko la eni, ife mizere pamalo omwetsera mafuta. Manchester inali Malawi ya nthawi imeneyo pa nkhani iyi yokha: chuma chake chinkadutsa pakhomo la mnansi.

Pa 27 June 1882 Daniel Adamson, mwini fakitale yopanga maboila, anaitanira amalonda ndi mameya kunyumba kwake ku Didsbury, n'kugwirizana kuti ngati nyanja ili kutali aibweretsa okha. A ku Liverpool ndi a njanji anakana kwamtuwagalu. Nyumba ya malamulo inakana pempholo mu 1883, inakananso mu 1884, n'kudzavomera mu August 1885. Ndipo sanavomere mapulani oyamba. A ku Liverpool ankaopa kuti kukumba pakati pa mtsinje kudzaunjika mchenga pakamwa pa doko lawo, choncho njira inasinthidwa kuti ngalande izitsata gombe lakumwera. Mukamayenda kuchokera ku Runcorn kupita ku Eastham mumaona zimenezi ndi maso: kumanja kuli chikhoma chachitali, kuseri kwake Mersey wotambalala ndi matope ake, inu mukuyenda m'njira yanuyanu m'mphepete. Khoma limenelo ndi mtengo umene Manchester inalipira kuti mnansi akhale chete.

Ndalama zinavutanso. Anthu wamba ankagula masheya pang'onopang'ono, shilingi imodzi imodzi. Walker atamwalira, madzi osefukira anawononga zokumbidwa kale, thumba linauma, ndipo khonsolo ya mzinda inalowererapo ndi ngongole ya mapaundi 5 miliyoni, n'kutenga mipando yambiri pa bodi ya kampani. Zonse pamodzi zinadya mapaundi pafupifupi 15 miliyoni. Adamson anamwalira mu 1890 osaiona itatha, ndipo eni masheya wamba anadikira zaka pafupifupi 20 ngalande itatsegulidwa asanalawe phindu. A ku Manchester akamakamba nkhaniyi amaikometsera ngati kuti tsiku lotsegulira Liverpool inagwada. Sizinali choncho. Msika wa thonje unatsalabe ku Liverpool, ndipo kuti ngalande ipeze katundu anachita kumangira mafakitale m'mbali mwake. Trafford Park inayamba choncho mu 1896, Ford inadzatsegula fakitale yake mmenemo mu 1911, Kellogg's mu 1938, ndipo mu 1898 anayambitsa kampani yawoyawo ya sitima, Manchester Liners, yopita ku Canada. Pang'onopang'ono mzinda wopanda nyanja unasanduka doko lachitatu pa kuchuluka kwa katundu mu Britain monse. Mukamamva masapota a mizinda iwiriyi akutukwanizana, ambiri kuno amati mkwiyowo ndi wakale kuposa mpira, ndipo ine ndimawakhulupirira.

Tsono musandimve ngati ndikuyeretsa Manchester. Pa ukapolo mzinda uno uli ndi mlandu, kungoti mlanduwo suli m'ngalande. Uli mu thonje. Zaka zonse zimene mafakitale a kuno ankalemera, mpaka 1861, thonje lambiri linkalimidwa ndi akapolo kumwera kwa America. Sitima ya pabaji inachokera pa chizindikiro cha mzinda chimene chinaperekedwa mu 1842, zaka 52 ngalande isanatsegulidwe, ndipo imaimira malonda a mzindawu ndi maiko akunja. Choncho amene amati ndi sitima ya m'ngalande akulakwa, ndipo amene amati inkanyamula akapolo akulakwanso. Koma wofunsa kuti malonda a 1842 amenewo anali a chiyani, ndipo thukuta linali la yani, akufunsa funso labwino. Sitima za akapolo zenizeni zinkanyamukira ku Liverpool, limene linali doko lalikulu la malonda amenewo mu Britain kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ndipo mu 2007 anatsegula International Slavery Museum pa Albert Dock pofuna kuvomereza zimenezo. Komanso pali mbali ina. Nkhondo ya ku America itadula thonje, mafakitale atatseka, mabanja akugona ndi njala, antchito a ku Manchester anasonkhana mu Free Trade Hall pa 31 December 1862 n'kulembera Abraham Lincoln kuti apitirize kulimbana ndi ukapolo. Chiboliboli chake chili pa Lincoln Square pakati pa tauni, ambiri timachidutsa osaima.

Ngati mukufuna ulusi wolumikiza mzinda uno ndi kwathu, ulipo weniweni. Mu 1902 kuno ku Manchester kunakhazikitsidwa British Cotton Growing Association, cholinga chake kupeza thonje m'madera olamulidwa ndi Britain kuti asamadalire America yokha. Bungwe limeneli linafika mpaka ku Nyasaland, kukagula thonje la alimi a ku Chigwa cha Shire. Agogo a ena mwa ife a ku Nsanje ndi Chikwawa analima thonje loti lidzapotedwe ku Lancashire, msonkho wa nyumba uli pamsana. Imeneyo ndiyo nkhani yathu, ndipo siifuna kuwonjezera bodza.

Kunena za Nsanje, ulendo wonse uja maganizo anga anali kumeneko. Mu October 2010 malemu Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje, Robert Mugabe ndi Rupiah Banda ali pomwepo. Loto lake linali lomweli la Adamson: katundu azichoka kunyanja yamchere, kukwera Zambezi ndi Shire, kudzatsikira pakhomo pathu. Silinali loto lopanda mutu, pakuti kale sitima za African Lakes zinkayenda njira yomweyo kuchokera ku Chinde, ndipo Nsanje inkatchedwa Port Herald pachifukwa chimenecho. Koma bwato la katundu limene linayenera kufika tsiku lotsegulira linaimitsidwa ndi akuluakulu a Mozambique, amene ankati kafukufuku wa mtsinjewo achitike kaye. Mpaka lero khoma lakonkire lili pomwepo, sitima palibe.

Ine sindili m'gulu la anthu oseka doko la Nsanje. Ndimamva chisoni. Koma nditaona chikhoma chija cha pakati pa ngalande ndi Mersey ndinamvetsa pamene tinasemphana. A ku Manchester anatha zaka zitatu akukangana ndi mnansi wawo m'nyumba ya malamulo, anagonja kawiri, anasintha njira kuti mantha a mnansi athe, ndipo fosholo inagwa pansi pepala litasainidwa. Ife tinayamba ndi simenti ndi mwambo wotsegulira, pomwe mtunda waukulu wa madziwo uli m'dziko la eni. Kachiwiri, iwo anazindikira kuti doko lopanda katundu ndi dziwe chabe, n'chifukwa chake anamanga Trafford Park. Azungu a kuno amanditopetsa ndi makomiti awo, kafukufuku pa chilichonse, ngakhale kudula mtengo umodzi pamsewu. Koma pa ichi ndimawavulira chipewa: amakangana asanakumbe, akayamba amamaliza.

Wina pa gulu anafunsa kuti bwanji osangoika ma lock pa Shire kuti sitima zizifika mpaka ku Monkey Bay. Taganizirani kusiyana kwake. Kuno ma lock onsewa akulimbana ndi mamita 18 okha. Pakati pa Matope ndi Chikwawa, Shire amatsika mamita pafupifupi 400 kudutsa mathithi a Kholombidzo, Nkula, Tedzani, Mpatamanga ndi Kapichira. N'chifukwa chake mu 1875 sitima ya Ilala yoyamba inaphwasulidwa, amtengatenga mazanamazana n'kuisenza pamutu kulambalala mathithiwo, kukailumikizanso kumtunda. Kutsika komweko n'kumene kumatipatsa magetsi lero.

Ngalande ya Manchester nayo inakhala ndi tsiku lake. Katundu anafika pachimake mu 1958, matani pafupifupi 18 miliyoni. Kenako kunabwera makontena ndi sitima zikuluzikulu zosakwana m'ma lock a m'nthawi ya Victoria, ndipo madoko a Salford anatsekedwa mu 1982. Pamene panali nyumba zosungiramo katundu lero pali The Lowry, Imperial War Museum North ndi maofesi a BBC. Kumunsi, cha ku Runcorn, Stanlow ndi Eastham, sitima zamafuta ndi zamankhwala a m'mafakitale zikuyendabe. Ndipo ngalandeyi pamodzi ndi doko la Liverpool limene inakumbidwira kulithawa, lero zili m'manja mwa kampani imodzi, Peel Ports. Titatuluka pa lock ya Eastham madzi anasintha mtundu, mphepo inayamba kununkha mchere, sitima inayamba kuyendera mafunde, ndipo patsogolo panaoneka nyumba za Liverpool ndi mbalame zija ziwiri pamwamba pa Liver Building.

Achimwene, pempho langa ndi ili. Tumizaninso uthenga wina m'magulu onse amene woyamba uja unafika, munene kuti zaka sizikugwirizana. Ana athu amaphunzira mbiri imeneyi m'sukulu za kuno, ndipo mwana akakabwereza m'kalasi zoti akapolo anakumba Salford Quays, mphunzitsi adzangomuonetsa 1887, ndipo tsiku limene mwanayo adzanene zoona za thonje kapena za Liverpool anzake sadzamumveranso. Mayi amene munati simudzapitanso ku The Lowry, pitani ndi ana anu, muwaonetse madziwo, muwauze za ma navvy. Nyengo yotentha ikafika tisonkherane, tikwere sitimayo ngati gulu, ana akaime m'mbali aone okha khoma likukwera pa Latchford.